Mlendo ali ndi dzina: udindo wa amayi a m'malire ku Mchinji

Amayi a ku Kachebere, ku Guilleme, ku Ludzi, ku Kapiri ndi m'maparishi ena a m'boma la Mchinji, inu mumakhala pachipata cha dziko. Kuchoka pa boma kukafika pamalire a Mwami ndi mtunda wa makilomita 12 okha, ndipo mukangodutsa pamenepo Chipata sakhalanso patali. Mu Disembala 2022 atsogoleri a Malawi ndi Zambia anatsegulira nyumba zatsopano pachipatachi kuti apaulendo aziima kamodzi kokha. Koma inu mukudziwa kuti si onse amene amadzera mumsewu wa tala. Ena amadzera m'tinjira ta m'minda, pa kabaza kapena wapansi: ochita geni, ofuna maganyu, okaona abale, odwala, ndi ena amene akuthawa zoopsa kwawo.

Munthu wotere asanaonane ndi wapolisi kapena amfumu, nthawi zambiri amayamba wakumana ndi mayi. Amakupezani pamjigo, kuchigayo, pamsika, pamzere wa sikelo. Mawu oyamba amene amamva m'mudzi mwanu amachokera pakamwa panu. N'chifukwa chake nkhani ya tsankho ndi kulandira alendo si ya boma ndi mabungwe okha. Mbali yaikulu ili m'manja mwanu.

Tsankho limayambira pa dzina

Tiyambe ndi mawu amene amangotuluka osaganizira. Mwana tikamutuma sopo timati, "Thamangira kwa m'burundi." Mwini golosaleyo mwina kwawo ndi ku Rwanda, mwina ku Congo, mwinanso anabadwira konkuno ndipo Chichewa ndiye chilankhulo chake. Ife tinangowamanga mtolo umodzi: maburundi. Banja lochokera ku Mulanje kapena ku Phalombe likabwera kudzagwira ntchito pa esiteti ya fodya timangoti "obwera", ndipo ena amafika powatchula dzina lachipongwe lija loti anguru. Mayi wokwatiwa kuchokera ku Zambia atha kukhala pamudzi zaka 20, koma bambo akamwalira, mkangano wa munda n'kubuka, amakumbutsidwa kuti si wakuno.

Dzina lotere limaoneka laling'ono, koma limawononga zambiri. Limafufuta munthu n'kusiya mtundu wokha. Mmodzi akaba timati onse ndi akuba. Mmodzi akalemera timati onse ali ndi zizimba. Ndipo munthu amene sitimudziwa dzina savuta kumukwezera mtengo, kumukankhira kumbuyo pamzere, kumunamizira, ngakhale kumuponya mwala.

Ife Amalawi kuwawa kwa mayina otere timakudziwa. Ana athu ku Joni amatchedwa makwerekwere. Ku Zimbabwe, zidzukulu za anthu athu amene anakagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu zimatchedwabe mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ngakhale zambiri sizinapondepo ku Malawi. Mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa ku South Africa pa zipolowe zothamangitsa obwera. Mu Epulo 2015 zinabukanso ku Durban, ndipo boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu, ambiri atangotsala ndi zovala za m'thupi. Ena mwa inu masiku amenewo munkagona foni ili m'manja, kudikira kumva ngati mwana ali moyo. Amene ankamuthamangitsa sankadziwa kuti ndi Chikondi, mwana wa uje, amene amalipirira azing'ono ake fizi. Ankangoona kwerekwere. Paja akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nanga wakuno weniweni ndani?

Mbiri ya Achewa imanena kuti makolo awo anachokera ku dziko la Aluba, m'dera limene lero lili ku Congo, komwenso kumachokera ambiri mwa othawa nkhondo amene ali ku Dzaleka. Angoni anaoloka Zambezi mu 1835 akutsogoleredwa ndi Zwangendaba, atachoka kum'mwera kwa Africa m'nthawi ya nkhondo. Malire amene timawadziwawa analembedwa ndi atsamunda pambuyo pake, ndipo anadula pakati pa mabanja ndi minda. N'chifukwa chake chaka ndi chaka mu Ogasiti Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakakumana ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo mu Febuluwale Angoni a kuno amapita ku Mtenguleni kukavina pa Ncwala kwa Inkosi ya Makosi Mpezeni. Kumeneko palibe amene amafunsa mnzake kuti ndi wa dziko liti asanamugawire nsima.

Chikhulupiriro chathu chomwechi chinabwera ndi alendo. Ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula mishoni ya Kachebere mu 1903, ndipo kuyambira mu 1939 seminale ya pamenepo inkaphunzitsa pamodzi anyamata a mbali zonse ziwiri za malire. Makolo athu akanati asawalandire anthu achilendo aja, olankhula Chichewa chokhotakhota, bwenzi lero kulibe maparishi, sukulu ndi zipatala zimene timazinyadirazi.

Kulandira alendo tinakuchitapo, ndipo tinakuchita mwaulemu. Pa nkhondo ya ku Mozambique, dziko lino linasunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni pomwe ife eni ake tinali pafupifupi 8 miliyoni. Ambiri sanakhale m'misasa ayi, anakhala m'midzi ya m'malire, akutunga pa zitsime zathu ndi kupemphera m'matchalitchi athu. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mothandizidwa ndi akhristu a gulu la Sant'Egidio, ambiri anabwerera kwawo. Amayi amene anagawana nawo ufa ndi nkhuni m'zaka zimenezo sanali olemera kuposa inu.

Zimene zinachitika mu 2023

Msasa wa Dzaleka, m'boma la Dowa, unatsegulidwa mu 1994 pamalo amene kale panali ndende. Unakonzedwa kuti usunge anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma lero muli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Ndondomeko ya boma imati othawa kwawo azikhala mumsasa. Koma chifukwa cha kuthithikana ndi kuchepa kwa chakudya, kwa zaka zambiri ena anatuluka n'kukakhazikika m'matauni ndi m'misika ya m'maboma. Anatsegula magolosale, ena anakwatira kapena kukwatiwa ndi Amalawi, ana awo n'kuyamba sukulu limodzi ndi athu.

Boma linalamula kuti pofika pa 15 Epulo 2023 onse akhale atabwerera ku Dzaleka. Pa 17 Meyi apolisi anagwira anthu oposa 300 mumzinda wa Lilongwe, ana oposa 100 ali momwemo, n'kuyamba awasunga kundende ya Maula asanawapititse kumsasa. Ntchitoyi inafika m'maboma ena m'miyezi yotsatira. Ana anasiyira sukulu panjira, anthu anataya katundu amene anamuvutikira zaka, ndipo mabanja ena anagawikana.

Madandaulo a amalonda athu tisawanyozere. Mayi amene mpamba wake ndi wa kaokala akamapikisana ndi munthu wopikula katundu wambiri n'kumagulitsa motchipa, ululu wake ndi weniweni. Boma lili ndi udindo wodziwa amene walowa m'dziko ndi kuona kuti malonda akuyenda mwachilungamo, ndipo Mpingo suuza munthu kuti aphwanye malamulo kapena kubisa wolakwa. Koma lamulo lili ndi eni ake: apolisi, a ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, ndi makhoti. Si ntchito ya gulu la anyamata onyamula miyala. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, chilankhulo, chipembedzo kapena dziko lochokera. Ndiye dzifunseni: pamene mnansi wanu ankakwezedwa m'galimoto, mtima wanu unati chiyani? Ngongole ya shuga ndi mafuta imene inalembedwa m'kope mwake munaibweza? Ngati mwana wanu anabwera ndi katundu wotola pa golosale yothyoledwa, munamubwezetsa?

Mphekesera imapha

Chimene chimasandutsa mawu achipongwe kukhala magazi ndi mphekesera. Mu Epulo 2016 mumzinda wa Lusaka munapezeka mitembo ya anthu itachotsedwa ziwalo. Mphekesera inawanda m'makomboni kuti eni magolosale ochokera ku Rwanda ndiwo akupha anthu kuti malonda awayendere. M'masiku awiri magolosale oposa 60 anathyoledwa, ndipo anthu awiri anatenthedwa amoyo. Amene anatenthedwawo anali nzika za Zambia yomweyo. Apolisi atafufuza, pakati pa amene anawamanga powaganizira za kuphako panali asilikali ndi sing'anga, osati eni magolosale aja.

Pa masiku oopsawo, mazana a alendo anathawira ku parishi ya St Ignatius mumzindamo. Ansembe anatsegula zitseko, akhristu n'kubweretsa chakudya, zofunda ndi zovala. Palibe amene anayamba wafunsa ngati othawawo anali Akatolika. Mpingo unakhala chimene uyenera kukhala: nyumba yothawirako.

Kwathu kuno tikukumbukira mphekesera ya anamapopa mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, pomwe anthu angapo anaphedwa, ena chifukwa chongokhala nkhope yachilendo m'mudzi. Masiku ano mphekesera sidikiranso pachitsime, imathamanga pa WhatsApp. Ikakufikani, funsani mafunso atatu: waona ndi maso ndani? Zachitikira pati? Apolisi kapena amfumu akudziwa? Ngati mayankho palibe, ithere pa inu. Mayi mmodzi wolemekezeka akanena pagulu kuti "Izi tilibe nazo umboni, tisamuphetse munthu," atha kupulumutsa moyo.

Matenda safunsa chiphaso

Tsankho limadwalitsanso mudzi wonse. Mayi wachilendo amene ananyozedwa pamzere wa sikelo sabwereranso. Amadzachirira kunyumba, ndipo akataya magazi ambiri usiku palibe womuthamangitsira kuchipatala. Bambo amene akumwa ma ARV kapena mankhwala a TB akasamukira kuno n'kumaopa kufunsa komwe angakalandire, amadukiza. Mankhwala a TB amafunika kumwa miyezi 6 osalumpha. Wodukiza amadwalanso, amapatsira ena, ndipo matendawo atha kusiya kumva mankhwala.

Kolera amene anayamba mu Marichi 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Banja limene mwalikaniza pamjigo chifukwa si lakuno limakatunga kudambo, ndipo kolera akalowa m'nyumba mwawo sathera pomwepo. Poliyo atapezeka mwa mwana wina ku Lilongwe mu Febuluwale 2022, kenako ku Tete, mayiko a Malawi, Mozambique, Zambia ndi Tanzania anapereka katemera kwa ana onse aang'ono mosasankha, chifukwa mwana mmodzi wotsala ndi chiopsezo kwa anzake onse.

Ndipo pa nkhani ya chipatala, ifenso timakhala alendo. Ndi angati a kuno amene anaoloka malire kukaonetsa maso kuchipatala cha Mwami? Monga momwe timafunira kutilandira kumeneko, tiwalandire anzathu pachipatala cha boma cha Mchinji, ku St Joseph ku Ludzi, ku St Michael's ku Guilleme ndi ku Our Lady of Mount Carmel ku Kapiri. Chimene mlendo amasowa kwambiri ndi womuperekeza: womuuza tsiku la sikelo, womuonetsa mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, womumasulira pamene namwino akufunsa.

Alendo amene sitiwaona

Pali alendo ena amene sadutsa pamsika. Amanyamulidwa usiku m'malole ndi anthu ozembetsa anzawo. Mu Okutobala 2022 m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba munapezeka mitembo pafupifupi 30 ya anthu amene ankaganiziridwa kuti ndi a ku Ethiopia. Mu Disembala chaka chomwecho mitembo ina 27 inapezeka itatayidwa m'mbali mwa msewu ku Ngwerere, kufupi ndi Lusaka. Anali anyamata opita ku South Africa kukafuna ntchito, monga amapitira athu. Kwinakwake kuli amayi amene mpaka lero akudikira foni.

Njira zomwezo n'zimene zimatulutsa ana athu. Munthu amabwera ndi mawu okoma, kuti mwana akaweta ng'ombe kapena kukathandiza pa munda wa fodya ku Zambia, malipiro pakutha pa chaka. Mwana amapita, sukulu yathera pomwepo, malipiro osaoneka. Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la mu 2015 limapereka chilango chofika zaka 14 m'ndende, ndipo ngati wozembetsedwayo ndi mwana, zaka 21. Mukaona nyumba imene mwatsekeredwa anthu achilendo osatuluka masana, kapena munthu akutolera ana m'mudzi, dziwitsani amfumu, apolisi kapena a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Pa nkhani za ana mutha kuimba mwaulere pa 116. Kumbukirani kuti wotsekeredwayo si chigawenga. Chigawenga ndi amene wasunga kiyi.

Zimene chikhulupiriro chimatiuza

Ambuye Yesu anayamba moyo wao wa pansi pano ngati mwana wothawa kwawo. Mutu 2 wa Mthenga Wabwino wa Mateyu umasimba za Yosefe akudzuka usiku, kutenga mwana ndi amayi ake n'kuthawira ku Ejipito poopa Herode. Maria, amene timamutchula Amayi athu, anakhalapo mayi wachilendo pachitsime cha eni ake, wosadziwa chilankhulo. Buku la Levitiko, mutu 19, limalamula Aisraele kuti mlendo azimukonda monga adzikondera eni, pokumbukira kuti iwonso anakhalapo alendo. Ndipo pa mutu 25 wa Mateyu, kulandira mlendo kuli pa mndandanda wa zimene tidzafunsidwe pa tsiku lomaliza, limodzi ndi kudyetsa anjala ndi kuzonda odwala.

Malemu Apapa Francis, pa ulendo wao woyamba kunja kwa Roma pa 8 Julaye 2013, anapita pachilumba cha Lampedusa kukapempherera anthu a ku Africa amene anamira panyanja pofuna kulowa ku Ulaya. Mu uthenga wao wa tsiku la alendo ndi othawa kwawo la mu 2018 anatipatsa ntchito zinayi: kulandira, kuteteza, kutukula ndi kumuyesa mlendo mmodzi wa ife. Ansembe a chipani cha Jesuit, kudzera m'bungwe la Jesuit Refugee Service, akuchita mbali yao pophunzitsa ana ku Dzaleka. Nanga inu, pa mphakati panu?

Zimene mungachite

Miphakati inakhazikitsidwa mu dayosizi yathu ya Lilongwe pa sinodi ya 1973 mpaka 1975, m'nthawi ya Ambuye Patrick Kalilombe, kuti Mpingo uzipezeka pomwe anthu akukhala. Ndiye malo oyambira alipo kale.

Kulandira. Sankhani amayi awiri pa mphakati uliwonse oti aziyendera banja lililonse latsopano m'sabata yake yoyamba, kaya lachokera ku Chipata, ku Thyolo kapena ku Bukavu. Funsani dzina, mulitchule bwino, muwauze ana anu kuti azilitchula. Aonetseni mjigo, chigayo, tchalitchi ndi chipatala. Ngati ndi a mpingo wina kapena Asilamu, aonetseni komwe anzawo amapemphera.

Kuteteza. Musalole kuti mlendo aweruzidwe ndi gulu. Ngati walakwa, apite kwa amfumu kapena kupolisi monga wina aliyense. Ngati mayi wachilendo akumenyedwa m'banja kapena wolemba ntchito akumukaniza malipiro, mperekezeni ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa kapena kwa a komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya pa parishi. Ogwira ntchito m'maesiteti auzeni kuti kuyambira mu 2021 lamulo linathetsa utenanti, ndipo wogwira ntchito ayenera kulandira malipiro.

Kutukula. Mlandireni mu banki m'khonde potsata malamulo omwewo amene mumatsata nonse. Onetsetsani kuti ana ake alembedwa sukulu. Mufunseninso zimene amadziwa, poti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa: wina ndi telala, wina amadziwa ulimi wa ndiwo zamasamba, wina anali mphunzitsi kwawo.

Kumuyesa mmodzi wa ife. Apa ndiye pamaonekera zenizeni, makamaka pa maliro. Mwana wa mlendo akamwalira, kodi mumapita kukagona kusiwa, kutunga madzi, kuphika ndi kuimba monga muchitira kwa wakuno? Kodi mumawalankhulira kwa amfumu kuti apatsidwe malo kumanda? Banja limene munalira nalo silidzakhalanso lachilendo. Ku tchalitchi, mpatseni mlendo mpata wowerenga mawu a Mulungu, wolowa kwaya, wophunzitsa anzake nyimbo ya Chiswahili kapena ya Chilomwe, ngakhale wosankhidwa pa udindo.

Pa kalendala ya Mpingo pali masiku awiri amene bungwe lanu lingawagwiritse ntchito. Pa 8 Febuluwale timakumbukira Josephine Bakhita Woyera, mwana wa ku Sudan amene anabedwa n'kugulitsidwa ukapolo, kenako n'kudzakhala sisitere ku Italy, komwe anamwalira mu 1947. Limeneli ndi tsiku lopempherera ozembetsedwa. Lamulungu lomaliza la Seputembala ndi tsiku la alendo ndi othawa kwawo, limene Mpingo wakhala ukulikumbukira kuyambira mu 1914. Pemphani Bambo Mfumu kuti masiku amenewa asamangodutsa: mapemphero a akhristu anenedwe m'zilankhulo za onse amene ali m'parishi, ndipo Misa ikatha mudyere pamodzi.

Koma musadikire Seputembala. Msonkhano wa bungwe wa mwezi wamawa usanafike, mayi aliyense adziwe dzina la mlendo mmodzi amene wakhala akumutchula ndi mtundu wake, adziwenso kwawo ndi chimene chinamubweretsa. Pa msonkhanopo mudzatchule mayinawo m'pemphero, limodzi ndi a ana anu amene ali ku Joni, ku Lusaka ndi ku Tete, amene nawonso akudalira mayi wa kumeneko kuti awafunse dzina.